Funso la Apongozi

Pa ofesi ya bungwe la Khasu ndi Mbewu, pa boma la Nsanje, panali apongozi. Sanali munthu ayi. Inali pulogalamu ya pa kompyuta yotulutsa maina a alimi oyenera kulandira thandizo, koma aliyense pamenepo, kuyambira mlonda mpaka abwana, ankaitchula kuti Apongozi, chifukwa malamulo ake anali omwewo: suwakhudza, suwayankha, ukakumana nawo umapatuka. Dzinali analiyambitsa ndi Otilia Zuze, mayi woyang'anira makompyuta, ndipo ankalitchula ndi ulemu wonse wa munthu amene mumtima akutukwana.

Apongoziwa anabwera ndi azungu opereka thandizo zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Kampani imene inawapanga inatsekedwa kalekale, eni ake kaya akuweta nkhumba kwawoko, palibe akudziwa. Chinatsala ndi pepala la mgwirizano, lonena kuti tsiku limene munthu adzasinthe ngakhale kadontho m'kati mwa pulogalamuyo, thandizo lidzathera pomwepo. Abwana a pa ofesipo, a Goodwell, pepalalo analiika m'felemu n'kulipachika pakhoma, pamwamba pa chithunzi cha ukwati wawo.

Ntchito ya Apongozi inali kufunsa basi. Maina onse ankakhala kwina, m'kompyuta ya m'kachipinda kozizira, m'chosungira chimene ophunzira amati databesi koma pa ofesipo ankangoti nkhokwe. Ukadina batani, Apongozi ankatumiza funso ku nkhokwe kudzera m'nthambo, nkhokwe n'kuyankha ndi mndandanda wa maina. Ndipo funsolo linali lomwelomwelo chaka ndi chaka: ndipatse alimi onse amene adinda chala pa kalembera m'masiku 30 apitawa. Wopitirira pamenepo, kwa Apongozi, ndiye kuti anasamuka kapena ndi wakuba.

Kwawo kwa azunguko mwina zimenezi ndi nzeru. Kuno ku Chigwa ndi misala yeniyeni.

Madzi atasefukira mu Malichi, anthu a kwa Nyachikadza anawolotsedwa kudzakhala m'misasa kumtunda. Koma munthu wa kudambo sangakhale pamsasa manja lende kudikira kuwerengedwa. Madzi akayamba kubwerera amasiya matope onona, ndipo chinyontho chimenecho sichidikira munthu: milungu ingapo chabe, dothi lauma gwa. Ndiye aliyense wodziwa mpini wa khasu anakwera bwato kubwerera ku madimba kukasosa, n'kumagona konko m'timisasa ta udzu. Pamsasa panatsala okalamba, odwala, ndi akatswiri a bawo. Akatswiriwa ndiwo ankadinda chala mlungu ndi mlungu, osaphonya, zala zili mbee.

Lolemba lina kumapeto kwa Epulo, a Goodwell anadina batani, Apongozi n'kutulutsa maina 412. Kumalo osungira katundu kunali mbewu ya chimanga chocha msanga ndi nyemba yokwanira alimi 700. Kugawa kunali Lachisanu, ndipo yotsala yonse inayenera kubwerera ku Blantyre pa lole yomwe inaibweretsa. Tangoganizani, mbewu kupatsidwa kwa osewera bawo, odzala n'kutsala osalandira kanthu.

Lachiwiri m'mawa Otilia anapeza azakhali ake, a Helena, mlongo wa malemu bambo ake, atakhala kale pampando wake wozungulira, matope a kudimba atauma m'miyendo mpaka m'mawondo. Sanamupatse moni wautali. Anamuuza kuti dimba asosa okha, lonse, chiwatengereni madzi amuna awo a Lorenso, amene anabwerera kukamasula mbuzi osabweranso. Anati amva kuti pamndandanda dzina lawo palibe, ndiye abwera kuti amuone munthu amene walifufutayo.

Otilia anafotokoza kuti si munthu, ndi kompyuta. A Helena anati ayi, amuonetse basi. Anawatembenuzira kompyutayo. Anaiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kuyambira pamwamba mpaka pansi, monga amayang'anira mkamwini wobwera chimanjamanja.

"Ameneyu analimapo?"

"Ayi, azakhali."

"Ndiye akudziwa chiyani za masiku?"

Otilia anaseka, koma azakhali sanaseke nawo. Anati achimwene awo anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti mwana aphunzire zinthu izi zizimumvera, osati iye azizigwadira. Anatinso mbewu yawo yonse inapita ndi madzi, nkhokwe ndi nyumba yomwe, ndipo akapanda kudzala mlungu uno dimbalo liuma, chakudya china adzachiona chaka chamawa ngati adzakhale alipo. Atatero anamwa madzi onse ozizira a m'botolo la Otilia n'kunyamuka kukakwera bwato. Otilia anatsala ndi manyazi ndi mkwiyo, osadziwa choyamba kumeza.

Anapita kwa a Goodwell. Munthuyo sanali woipa ayi, anali wamantha basi, ndipo mantha ake ankawatchula kuti ndondomeko. Otilia anapempha kuti maina otsalawo alembedwe pamanja. Abwana anati azungu amalandira mndandanda wokhawo wokhala ndi chidindo cha Apongozi. Anafunsa ngati angalembere azunguwo kalata. Abwana anati kalata ya chaka chatha yankho lake silinafikebe. Za kusintha madeti m'nkhokwe Otilia sanazitchule n'komwe, chifukwa kumeneko ndi kunamizira zala za anthu, ndipo ndende ya pa boma ankaidziwa kununkha kwake pongodutsa pamsewu. Nthawi yonseyi chala cha a Goodwell chinali chiloze felemu ija.

Otilia anaiyang'ana felemuyo, kenaka anayang'ana nthambo yabuluu imene inkatuluka kuseri kwa kompyuta ya abwana, kukwera khoma, n'kulowera ku kachipinda kozizira.

"Bwana, pepalalo likuti tisakhudze Apongozi. Nanga za nthambo likuti bwanji?"

A Goodwell anavala magalasi, kutsitsa felemu, kuwerenga kuyambira pamutu mpaka pa siginecha, milomo ikugwedera. Za nthambo munalibe. Anaipachikanso, naiwongola bwinobwino, nanena kuti iwo sanamve chilichonse, ndipo sakufuna kumva chilichonse mpaka Lachisanu. Anakwera njinga yamoto kupita ku msonkhano umene Otilia ankadziwa kuti kulibe.

Nzeru yake inali yapafupi, yoti mwana aliyense wa kuno amaidziwa. Apongozi sulankhula nawo maso ndi maso, pamakhala munthu wapakati wonyamula mawu, ndipo wapakati wanzeru mawuwo amawakonza panjira. Ndiye Otilia anafukula kompyuta yakale m'kabati, kuipukuta ndowe za mphemvu, n'kuikamo kapulogalamu kena kakang'ono kamene anakatcha Mkhalapakati. Nkhokwe anaisamutsa, kuipatsa adiresi ina, pa adiresi yakale n'kukhazikapo Mkhalapakatiyo. Apongozi akatumiza funso poganiza kuti akulankhula ndi nkhokwe, funsolo linkayamba lafika kwa Mkhalapakati. Mafunso ena onse ankadutsa momwe abwerera. Koma likangofika lija la masiku 30, Mkhalapakati ankachotsa nambalayo n'kuikapo ina, kupititsa funso ku nkhokwe, n'kubweza yankho kwa Apongozi nkhope ili phee. Apongozi osakhudzidwa, maina a m'nkhokwe osakhudzidwa, chosintha ndi mawu okha ali paulendo.

Zinamutengera Lachitatu lonse ndi theka la Lachinayi. Magetsi anathima kanayi. Jenereta inadwala chifuwa. Ulendo woyamba Mkhalapakati anachita changu chopitirira, kusintha 30 aliyense amene wamuona, mpaka alimi onse a zaka 30 anakalamba mwadzidzidzi. Otilia anatukwana m'Chisena, chifukwa Chichewa chinamuchepera, n'kumuphunzitsa kuti azigwira funso limodzi lokhalo.

Panatsala kusankha nambala. Poyamba analemba 60, yokwanira kugwira onse amene anadinda chala pamsasa madzi atangosefukira, ngati azakhali. Kenaka anakumbukira kuti ena pamsasa sanafikepo n'komwe. Ena anakhala pa chulu masiku angapo, madzi atatsika n'kulunjika ku madimba. Ena anawolokera kwa abale ku Mozambiki n'kubwerera molunjika kumunda. Anthu amenewa chala chawo chinakhudza makina komaliza mu Januwale, pa kalembera wa nthawi ya njala, madzi asanabwere. Anawerenga pa kalendala, anapeza masiku 87. Anafufuta 60 n'kulemba 90, kuti pasatsale munthu.

Anadina batani. Maina 655.

Anasaka nambala ya khadi la azakhali, anaipeza. Maina enawo sanawerenge. Ndani angawerenge maina 655 ndi kutentha kwa Nsanje, njala ili m'mimba? Nambala inakwana, mbewu inakwana, yotsala n'kukhala yochepa. Otilia anatseka chitseko cha kachipinda kozizira navina yekhayekha, mayi wa ana atatu, pakati pa nthambo. Anadzitama kwambiri, tisabise.

Lachisanu m'mawa a Goodwell anayamba apemphera, monga ankachitira nthawi zonse asanadine batani. Mndandanda utatuluka anayang'ana nambala ija, kuyang'ana Otilia, kuyang'ana felemu. Anatsegula pamene Apongozi amaonetsa ngati wina wawagwira, anapeza chizindikiro chili chobiriwira monga mwa masiku onse. Anatsokomola pang'ono, nanena kuti Apongozi lero adzuka bwino. Anasindikiza mapepala, chidindo chili pa tsamba lililonse, onse n'kukwera galimoto kutsatira lole.

Kugawako kunali pa bwalo la sukulu ina pafupi ndi dooko la mabwato, ulendo wa ola limodzi kuchokera pa boma. Mbiri inali itawoloka kale mtsinje, kaya inawoloka bwanji, ndipo mabwato anali atafika kuyambira m'mamawa. Bwalo linali tho ndi anthu a miyendo yamatope. Akatswiri a bawo, amene anazolowera kukhala okhaokha pamzere, anaima pambali nkhope zili zii, akudandaula kuti masiku ano chilungamo chinatha.

Woitana maina anali a Smart, bambo wa zaka makumi asanu wochokera ku Chikwawa, amene anayesapo ubusa n'kukanika, kuyesapo ndale n'kukanikanso, chimkuzamawu chokha ndicho chinamukhulupirira. Dzina ankaliitana katatu, ndipo mwini wake akachedwa ankamuthira nthabwala, anthu n'kuseka. Kwa Nyachikadza sankadziwako munthu ngakhale mmodzi, koma zimenezo sizinamuletsepo kunena kuti uyu wachedwa ndi chibwenzi, uyo akusaka nsapato yobwereka. Anthu ankamukonda. Ntchito inayenda, mudzi ndi mudzi, banja ndi banja, aliyense kathumba kake ka chimanga ndi ka nyemba. Otilia anakhala pa tebulo pambali pa abwana, akuchonga.

Dzuwa lili pamutu anafika pa mudzi wa azakhali. A Smart anaitana Helena Jofesi, ndipo sipanafunike kachiwiri. A Helena anadzuka mosafulumira, kukonza chitenje, kuyenda pakati pa bwalo ngati mbewuyo anaiitanitsa okha. Analandira, kukweza kathumbako kuti amve kulemera kwake, n'kuyang'ana Otilia. Anangoti takhuta, zikomo wa m'Chisena, chapansipansi, koma Otilia mtima unachita kuti myaa.

A Smart anatsitsa chala pa dzina lotsatira.

"Lorenso Jofesi."

Cholembera cha Otilia chinaima.

"Lorenso Jofesi. A Lorenso, akazi anu alandira kale, inu mukadali ku kachasu?"

Palibe anaseka. A Smart anayang'ana uku ndi uku, osamvetsa chimene chalakwika pa nthabwala imene inagwira ntchito m'mawa wonse, ndipo anakweza chimkuzamawu kuti aitane kachitatu. A Helena anali asanafike pamalo pawo. Anatembenuka, kathumba kali pachifuwa.

"Sanapezeke," anatero.

Otilia anazindikira nthawi yomweyo chimene anachita. Masiku 90 aja anadumpha chigumula n'kukafika mu Januwale, pamene a Lorenso anali moyo, nadinda chala pambali pa akazi awo. Ndipo m'nkhokwe munalibe polembedwa kuti anamwalira, chifukwa kuno munthu amene sanaikidwe m'manda salembetsedwa imfa. Abale amangoti sanapezeke, n'kumayang'anabe kumtsinje. Nthawi yonseyi funso lopusa lija la masiku 30 ndilo linkawachotsa anthu oterewa mwakachetechete, popanda wina kuuzidwa. Iye, ndi nzeru zake zovinira m'kachipinda kozizira, anawabweza onse n'kuwapereka kwa a Smart.

A Goodwell anaweramira kwa iye, thukuta likutsika m'khosi. Ananong'ona kuti akwere galimoto, athamangire ku boma, akachotse chimene anaikacho, kaya ndi chiyani, iwo sakuchidziwa, akasindikize mndandanda wakale. Anati ola limodzi kupita, limodzi kubwera, dzuwa likadalipo.

Otilia anayang'ana bwalo. Mndandanda wakale unali wochotsa anthu oposa mazana awiri, kuyambira azakhali omwewa, mbewu ili kale m'manja. Akanati abwerere pa 60, akanachotsa onse a pa chulu ndi obwera ku Mozambiki, amene anali atakhala apo pansi pa mtengo, amoyo, makasu ali pambali. Kwa nkhokwe, munthu amene sanabwere chifukwa akudzala ndi amene sanabwere chifukwa madzi anamutenga anali chimodzimodzi: chala chosadinda. Panalibe nambala yoti iwalekanitse.

Anawauza abwana kuti sapita. Abwana anafunsa kuti nanga oterewa alipo angati pamndandandapo. Otilia anati sakudziwa, ndipo kusadziwako kunamupweteka kuposa zonse.

Anadzuka, kupita kwa a Smart, kuwalanda mapepala ndi chimkuzamawu. Bamboyo anapereka osakana, maso ali pansi, nakakhala kuseri kwa lole. Otilia anayenda mpaka pamene panaima a Helena, nagwada pafumbi, anthu onse akuona. Ankayembekeza kukalipiridwa, ndipo akanakulandira ndi manja awiri.

A Helena anaika kathumba pansi n'kukhalapo.

"Chokuwa chakocho chiike kaye pansi. Uziwerenga pang'onopang'ono, ndimve ine ndekha, ndizikuuza."

Anatero. Otilia ankanong'ona dzina, azakhali n'kuyankha, ndipo pokhapo ankakweza chimkuzamawu. Alipo. Alipo, ndi uyo wa chipewa chong'ambika. Alipo koma samva, tuma munthu. Ameneyo usamutchule, itana mkazi wake Juliana, ali apo ndi mwana kumbuyo. Ameneyonso usamutchule, ndipo palibe womulandirira, anapita nyumba yonse. Pa midzi imene a Helena sankaidziwa bwino ankakodola mayi wina wa kumeneko, nayenso n'kudzakhala pansi pomwepo, mpaka panakhala kagulu ka amayi asanu mozungulira mapepala. A Goodwell ankapereka mbewu okha ndi manja awo, osafunsa za ndondomeko. Ntchito ya maola awiri inatenga anayi, ndipo palibe anadandaula, ngakhale a bawo.

Tsamba lomaliza litatha, Otilia anawerenga timizere timene anaika m'mbali mwa maina osatchulidwa. Tinali khumi ndi tinayi. Anthu anali atayamba kutsikira ku dooko, mitolo pamutu. Anafuna kupinda mapepala, koma a Helena anagwira dzanja lake.

Anati gawo la a Lorenso m'dimbamo alisosanso, silingagone. Anatinso chichokereni amuna awo palibe amene anatchula dzina lawo pagulu, kutchalitchi kapena kumudzi, aliyense amangolizungulira, ndipo lero lokha latchulidwa, koma ndi kachasu pamwamba.

"Liitanenso kamodzi. Bwinobwino."

Otilia anaimirira, mawondo ali fumbi lokhalokha. Anaitana dzina lonse, momveka, kamodzi kokha, ndipo amene anali panjira ya ku dooko anaima n'kutembenuka.

A Helena anadzuka, kukonza chitenje, n'kupita pa tebulo kukalandira kathumba kachiwiri.